Kumene Chauncy Maples Inkaponya Nangula

Msewu wochokera ku Lichinga umayenda pamwamba pa mapiri, pakati pa minda ya chimanga ndi mitengo ya paini, mpaka ku Maniamba. Mukangodutsa pamenepo umayamba kutsetsereka. Makutu amatseka, fungo la mabuleki limalowa m'galimoto, ndipo juzi imene inakupulumutsani m'mawa mumayamba kuisowera poika. Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye kutsika konseko thupi limakumva. Minibasi, imene kuno amati chapa, ikakhota pa kona ina, nyanja imangoti mbee kutsogolo, Metangula ali m'munsimo pa kamtunda kolowerera m'madzi.

Metangula ndiye likulu la boma la Lago. Atsamunda achipwitikizi ankamutcha Augusto Cardoso. Kumapeto kwa kamtundako kuli kampu ya asilikali apamadzi, imene inakula m'zaka za m'ma 1960 nkhondo yomenyera ufulu itayamba. Maboti ankhondo anachita kuwakweza pa njanji ndi pa malole kuchokera kunyanja yamchere. Kumeneko mlendo sajambulako zithunzi. Ine ndinatsikira kumsika, kumene usipa wouma unali milumilu pa ziguduli, pambali pake utaka ndi kampango wowamba, ndi ufa wa chinangwa m'mabeseni. Mtengo amautchula m'Chipwitikizi, m'mametikali, koma kunenerera kumachitika m'Chinyanja chija mumamva pa Likoma. Mmalawi sasowa womasulira kuno.

Chimene chinandibweretsa ndi sitima imene kuno kulibe. Chauncy Maples ili tsidya lija, ku Monkey Bay, ndipo inkatchulidwa kuti ndiyo sitima yakale koposa zonse zimene zinatsala pa madzi a mu Africa. Koma zaka zake zamphamvu inathera m'gombe lino, kuyenda mudzi ndi mudzi. Alipo amene amati ya ku Monkey Bay ija yangotsala dzina: injini yanthunzi inachotsedwa, zipinda zapamwamba zinamangidwanso, kachalitchi ka m'katimo kanatha kalekale. Funso lawolo ndi lomveka. Ine ndinaona kuti munthu sungaliyankhe pongogogoda chitsulo, uyenera kukafika kumene sitimayo inkagwira ntchito.

Kuchoka pa Metangula kulowera kumpoto, makilomita osakwana khumi, mumafika ku Chuanga. Njira imadutsa pansi pa milambe ndi mitengo ya mango, kenaka mchenga woyera umayamba. Pa mathandala panali usipa wa usiku womwewo, ukadali wonyezimira, ndipo anyamata ankasoka chilimira atakhala pamthunzi, nyali zawo zili poteropo. Chapatali pang'ono panali boti la matabwa litagonekedwa chammbali. Matabwa ena anali akuda bii ndi phula la zaka zambiri, ena oyera, ongopalidwa kumene. Bambo wina wachikulire ankakhomerera thonje m'mipata ndi tchizulo, mwana akusungunula phula m'chitini.

"Odi, bambo."

"Fikani, achimwene. Khalani pa thabwapo, mchengawu watentha."

Nditafunsa za botilo anandiuza kuti analigula ndi bambo ake a mwini wake wa lero. Mphuno yake inasinthidwa litagunda mwala, nthiti zambiri ndi zatsopano, injini imene ili kumbuyoko si yoyamba ija. Ndinafunsa ngati tinganenebe kuti ndi boti lomwe lija. Anaimitsa hamala nandiyang'ana modabwa.

"Lomwe lija, achimwene. Silinachokepo pa doko pano."

Funso lomweli linafika m'khoti lalikulu ku London mu 1990, pa nkhani ya galimoto yampikisano, ndipo pamenepo panali ndalama zoopsa. Ku Le Mans, m'dziko la France, kuyambira 1923 kumachitika mpikisano wa magalimoto wa maola 24, usana ndi usiku, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa anzake. Liwiro lokha silikwanira kumeneko. Galimoto iyenera kupirira. Galimoto ina ya Bentley Speed Six, nambala ya chasisi LB2332, inapambana mu 1929 ikuyendetsedwa ndi Woolf Barnato ndi Tim Birkin, ndipo inabwerezanso mu 1930 ndi Barnato yemweyo ndi Glen Kidston. Anthu anaitcha Old Number One. 

Galimotoyo sinakhale mmene inaliri. Makaniko wa Barnato, Wally Hassan, anaimanganso pa chasisi ina, naikamo injini yaikulu ya malita 8. Mu Sepitembala 1932, pa bwalo la Brooklands, inachita ngozi imene inapha dalaivala wake, Clive Dunfee. Anaikonzanso n'kuiveka thupi la galimoto yoyendera pamsewu wamba. Patapita zaka pafupifupi 60, mwini wake wa nthawiyo, Edward Hubbard, anapangana ndi kampani ya Middlebridge Scimitar kuti iigule ndi mapaundi 10 miliyoni. Ogulawo anabwerera m'mbuyo, amvekere iyi si galimoto ija inapambana ku Le Mans. Woweruza Otton anavomera kuti siili mmene inatulukira m'fakitale, koma anagamula mokomera wogulitsa. Chifukwa chake chinali chakuti kusintha kulikonse kunachitika pa galimoto imodzi yomweyo, m'manja odziwika, mbiri yake osaduka, ndipo panalibe galimoto ina padziko imene ikanayankhira dzinalo.

Kwathu kuno mfundo imeneyi si yachilendo. Mfumu ikamwalira, mwana wa mlongo wake amalowa dzina, ndipo tsiku lomwelo timamuitana ndi dzina la malume ake, ngakhale nkhope ndi mawu ndi zina. Akuluakulu akakhala pansi samafunsa za nkhope. Amafunsa ngati mzere wa ufumuwo unadukapo.

Kuchoka ku Chuanga, njira imalowa m'minda ya chinangwa ndi mpunga cha ku mtsinje wa Lunho, ndipo posakhalitsa mumaona tchalitchi chachikulu cha Anglican cha ku Messumba, malo amene amishoni ankalemba kuti Msumba. Ndi tchalitchi cha Bartolomeyo Woyera. M'kati muli kozizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pozungulira pali nyumba za mishoni, za sukulu ndi za chipatala, zina zokonzedwanso ndipo zikugwira ntchito, zina zangotsala makoma, mbuzi zikulowa ndi kutuluka. Ndinapeza amayi akusesa pabwalo, ndipo kuseri kwaya inkayeserera nyimbo m'Chinyanja. Ndinakhalitsa pamenepa, chifukwa nkhani ya sitima ija gwero lake ndi midzi ngati uno.

William Percival Johnson, wansembe wa Universities' Mission to Central Africa, anafika pa gombe lino mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira chaka chomwecho cha ku Chia, kumpoto kwa kuno. Chimene Johnson anapeza ndi midzi yopanikizika pakati pa mapiri ndi madzi. Kumtunda kunali mantha a nkhondo za Angoni, panyanja pankadutsa zombo zoolotsa akapolo kuchokera ku Nkhotakota, ndipo msewu wolumikiza midziyo kunalibe. Anazindikira kuti msewu wa anthu amenewa ndi nyanja. Sitima yoyamba ya mishoni, imene anaipatsa dzina la Charles Janson, inalowa m'madzi mu 1885, chaka chimene mishoni inakhazikika pa Likoma. Aphunzitsi ankawatsitsa m'midzi n'kumawayendera ndi sitimayo. Mmodzi mwa iwo anali Augustine Ambali, yemwe anawomboledwa muukapolo ali mwana n'kuphunzira ku Zanzibar. Iyeyu ndiye anagwira ntchito pa Msumba zaka zambirimbiri, nadzakhala wansembe. Munthu akamanena za "sitima ya azungu" aziyamba wakumbukira kuti otsala kumtunda sitima ikachoka anali anthu onga Ambali.

Chauncy Maples, mwini dzina, anali bwenzi la Johnson kuyambira ku sukulu ku Oxford. Anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, koma sanafike pa mpando wake. Pa 2 Sepitembala chaka chomwecho boti limene anakwera linamira m'namondwe cha ku Leopard Bay, kufupi ndi Salima, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Mishoni itafuna sitima yaikulu kuposa yoyamba ija, inaitcha dzina lake.

Anaipanga ndi a Alley & McLellan ku Polmadie, mu mzinda wa Glasgow, pa mtengo wa mapaundi 13,500, kutalika kwake mamita 38. Ataimanga anaiphwasula n'kukhala zidutswa 3,481, chilichonse ndi nambala yake, kuti akadzafika kuno adzangotsata manambalawo. Katunduyo anatsikira ku Chinde, pa mathiriro a Zambezi, nakwera mtsinjewo mpaka kulowa mu Shire. Pa mathithi, pamene boti silidutsa, zidutswazo zinayenda pamitu ya amtengatenga mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Boyila yokha, chithini chowiritsira madzi a injini, inkalemera matani 11 ndipo sinali yoti n'kuigawa. Anaiika pa ngolo, amuna 450 achingoni n'kuikoka ndi zingwe, makilomita osaposa asanu pa tsiku, m'zitunda ndi m'makhwawa. Ine ndikaganiza za mapewa amenewo ndimaona kuti sitimayi inamangidwa kawiri, ndipo kachiwiriko kanali kowawa kuposa koyamba.

Atafika kwa Mponda, kufupi ndi Mangochi, amisiri anapeza tsoka. Zitsulo zija anali atazikuta ndi zinki kuti zisachite dzimbiri, ndipo zinkiyo inakwirira manambala. Panalibe chochita koma kuyesa chidutswa ndi chidutswa, bowo ndi bowo, mpaka chilichonse chitapeza malo ake. Zinatenga zaka ziwiri. Sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901. Okonda magalimoto akale amakhulupirira kwambiri nambala yokhomedwa pa chasisi ndi pa injini, ndipo sindiwanena, chifukwa achinyengo alipo amene amamanga galimoto yatsopano n'kuinamizira dzina la yakale. Koma sitima iyi inayamba moyo wake manambala atafufutika kale. Umboni wake unayenera kukhala wa mtundu wina kuyambira tsiku loyamba.

Wopita ku Cobué atha kukwera lole pa msewu wa m'mapiri, koma ine ndinasankha boti, lofanana ndi lija ndinaona ku Chuanga, lodzaza matumba a ufa, makatoni a sopo, njinga, ndi anthu okhala m'mbali miyendo ili m'kati. Tinanyamuka kusanache, chifukwa nyengo ya mwera nyanja imadzuka dzuwa likakwera. Woyendetsa ankayang'ana kumwera kawirikawiri kuposa kutsogolo. Kudzanja lamanja mapiri amatsika mpaka kumiza mapazi m'madzi, ndipo pakati pa phiri ndi phiri pamakhala kagombe ka mchenga, milambe iwiri itatu, nyumba zofolera udzu, ndi kachalitchi. Chia, Ngoo, Mbueca. Pa uliwonse boti likamayandikira, ana amathamangira kumadzi, amayi amabwera ndi mabeseni a nthochi ndi chinangwa chophika, wina amalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukalandira katundu. Chapatali, pakati pa nyanja, utsi wa nkhungu unkakwera kuchokera m'madzi.

Apa ndi pamene ndinaimvetsa sitimayo. M'midzi yotereyi, zaka zoposa zana zapitazo, kulira kwa wezulo wake kunkatanthauza mankhwala, makalata, wansembe wodzabatiza ndi kudzamanga maukwati, ndi malipiro a mphunzitsi. M'katimo munali guwa, kalasi ya anyamata ophunzira uphunzitsi, ndi malo ogoneka odwala. Johnson, amene maso ake anaonongeka ndi matenda mu 1884 n'kutsala akuona pang'ono ndi diso limodzi, anakhala zaka zambiri pa madzi pomwepa, akumasulira Malembo ndi thandizo la eni chinenero. Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja linatuluka mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika la 1922 lisanatuluke. Anamwalira mu 1928 ku Liuli, kumpoto kwa gombe lomweli, mbali ya Tanzania.

Palinso chinthu china chimene mabuku amangochilumpha. Injini yanthunzi imadya nkhuni, ndipo imadya zambiri. Sitimayo sikanatha kusenza nkhuni za ulendo wonse, choncho m'madoko munkakhala milu yodikira, yodulidwa m'mapiri omwe ndinkawaonawa, yotutidwa pamutu kutsika nayo mpaka pamchenga. Wina ankaiwolotsa pa bwato kukafika nayo pa sitima, wina ankasonkhezera moto m'chipinda cha injini thukuta lili kamukamu, wina ankadziwa pamene pali mwala wobisika ndi pamene mungabisale mpoto ukauka. Popanda anthu amenewa sitimayo ikanangoyandama pamalo amodzi. Tikudziwa dzina la fakitale, mtengo wake, chiwerengero cha zidutswa, tsiku loilowetsa m'madzi. Odula nkhuni a ku Ngoo ndi ku Chia anangolowa m'mbiri ngati gulu, ndipo zimenezi zimandipweteka.

Ntchito za sitimayo zinasintha kangapo. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba, sitima yankhondo ya Angerezi, Guendolen, inakaononga ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa doko ku Liuli kuja, ndipo m'nkhondo imeneyo Chauncy Maples inatengedwa kuti izinyamula asilikali ndi katundu wawo. Nkhondo itatha inabwerera ku mishoni. M'zaka za m'ma 1950 inagulitsidwa n'kusanduka yausodzi. Mu 1967, Malawi atalandira kale ufulu, anaikonza kwambiri: injini yanthunzi inachoka, inalowa ya dizilo, pamwamba anamangapo zipinda zina, ndipo inayamba kunyamula anthu ndi katundu. Alipo agogo ku Likoma ndi ku Nkhata Bay amene anaikwera ili choncho.

Tinafika pa Cobué mafunde atayamba kumenya mphuno ya boti. Ndi kamudzi kokhala ndi ofesi ya zolowa ndi kutuluka, timagolosale, ndi doko la mchenga. Kutsogolo kwake, pafupi moti mumaona milambe yake umodziumodzi, pali Likoma. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 ndilo linasiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi, gombe lino n'kupita kwa Apwitikizi, koma mabanja ndi amodzi, ndipo mabwato sanasiye kuoloka. Kuno ku Kobwe, monga ankalembera amishoni, n'kumene kunayambira sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's isanasamukire pa chilumba.

Chimene chimakopa maso mukakwera kumtunda ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika ndi nyumba za sukulu pambali pake, zokhala ndi zipsera za nkhondo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964, ndipo chigawo chino cha Niassa chinali limodzi mwa madera amene moto unayaka msanga. Anthu ambiri a midzi imene ndinadutsayi anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Ku Messumba aphunzitsi ndi akhristu ena anagwidwa ndi apolisi achinsinsi a Apwitikizi; wansembe John Paul, amene anali pa mishoniyo nthawi imeneyo, analemba zimene anaona m'buku lake la 1975. Ufulu utabwera chaka chomwecho cha 1975, mtendere sunakhalitse, ndipo nkhondo yachiwiri, yapachiweniweni, inatha ndi pangano la ku Rome la 1992. M'zaka zonsezo mabuku a m'matchalitchi ndi a m'masukulu ambiri anapsa kapena kutayika, ndipo okalamba amene ankakumbukira wezulo wa sitima ya mishoni anamwazikana, ena n'kuikidwa m'manda kudziko la eni.

Ine maganizo anga ndi akuti sitima ya ku Monkey Bay ndi Chauncy Maples yeniyeni. Mbali yaikulu ya thupi lake lachitsulo, ndi mariveti ake, ndi yomwe ija inadutsa pa mathithi a Shire pamitu ya anthu. Kusintha kulikonse kunachitika pa sitima imodzi, pa nyanja imodzi, anthu akuona, ndipo palibe ina imene ingayankhire dzinalo. Woweruza wa ku London ndi mmisiri wa ku Chuanga akanagwirizana pamenepa. Nkhawa yanga ili pa mbiriyo. Ya Old Number One inasungidwa m'makalata, m'zithunzi ndi m'maumboni a m'khoti, chifukwa eni ake anali ndi ndalama. Ya sitima yathu theka lake lili m'mabuku a ku England, theka linalo lili m'mitu ya adzukulu a osonkhezera moto ndi odula nkhuni, ku Messumba, ku Ngoo, ku Cobué ndi pa Likoma. Theka lachiwirili ndilo likhoza kuduka. Dayosizi ya Niassa ndi mpingo wa pa Likoma ali ndi akatekisiti m'midzi yambiri ya gombe lino, anthu odziwa kulemba ndiponso odziwa khomo la agogo aliyense. Kope ndi cholembera zingakwane kuyambira ntchitoyo chaka chino.

Cha m'ma 2009 panabuka ntchito yosonkhanitsa ndalama ku Britain kuti sitimayo aikonze ikhale chipatala choyenda pa nyanja, kubwerera ku ntchito yake yoyamba. Zitsulo zina zinakonzedwadi, koma ntchitoyo sinafike kumapeto, ndipo sitimayo sinanyamuke pa Monkey Bay. Chosowacho sichinathe. Madzulo a tsiku limene ndinafika pa Cobué, amuna anayi anatsika kumtunda atanyamula mayi wodwala pa machira. Mwini boti anatsitsa matumba ena a chinangwa kuti papezeke malo, anayala mphasa pansi, ndipo mlongo wake wa wodwalayo analowa ndi ndowa, mbale ndi bulangete. Anakambirana za mafuta, theka m'mametikali theka m'makwacha. Mwera unali usanaleke bwinobwino, koma woyendetsa anati kudikira mawa n'kuchedwa. Anakoka chingwe cha injini, boti linaloza ku Likoma, kumene kuli chipatala cha St Peter's.